Mpango wa Malemu

"Ana akhale kutsogolo, osati pansi pa tebulo," anatero Zalakhumi, koma palibe anamumvera. Linali phwando la tsiku lobadwa la gogo wina, ndipo zidzukulu zinali mbwee pabalaza ponse.

Zalakhumi ankadyera masewero a matsenga, ndipo oonerera ankawadziwa bwino. Akuluakulu savuta, amayang'ana kumene iwe ukuyang'ana. Okalamba amaomba m'manja asanaone n'komwe. Ana ndiwo mliri: maso awo amakhala pa dzanja limene likuoneka ngati silikuchita kanthu.

Anafika pa sewero lake lalikulu. Ankabwereka mpango woyera, n'kuusinthanitsa mobisa ndi wake wofanana nawo. Akatero ankadula wakewo ndi sizasi, kenako n'kubweza wa mwiniwake uli bwinobwino.

"Tengani wanga," anatero gogoyo. "Unali wa malemu amuna anga. Muusamale."

"Uli m'manja mwa katswiri, agogo."

Atangosinthanitsa, kamtsikana kena kanatulukira pansi pa tebulo n'kusolola nsalu m'jekete lake.

"Ilipo iwiri! Amalume akunama!"

Anthu anafa nacho chiseko. Zalakhumi anaseka nawo, n'kutola mipango yonse iwiri mwaphuma. "Winawu ndi wopukutira thukuta limene ukunditulutsali, mwanawe."

Sizasi italowa kale mpaka pakati pa nsalu, chala chake chinakhudza ulusi wokhuthala pakona. Zinali zilembo zosokedwa pamanja. Mpango wake unalibe zilembo. Koma maso onse anali pa iye, ndipo dzanja lozolowera silifunsa mutu. Linamaliza kudula.

Anaponya zidutswazo m'chipewa, anauziramo mpweya, n'kutulutsa mpango wosang'ambika. Anthu anaomba m'manja mpaka kuimirira.

Gogoyo anaupapasa kona ndi kona. Maso ake anali atafooka, koma zala ayi.

"Si umenewu."

"Ndi womwewo, amayi," anatero mwana wake wamkazi, amene anaitana Zalakhumi kuphwandoko.

"Wanga uli ndi zilembo. Ndinasoka ndekha."

"Mwayambanso? Dzana munati wantchito waba makiyi, tinawapeza m'firiji." Anatembenukira kwa mchimwene wake. "Achimwene, mwadzionera nokha. Amayiwa sangakhalenso okha m'nyumba muno."

"Galu wamkota sakandira pachabe, achemwali," anayankha mchimweneyo. "Bambo amatsenga, inu mukuti bwanji?"

Gogoyo anakweza nkhope n'kumufunafuna Zalakhumi kumene ankamvera mawu ake. "Auze, mwana wanga."

Zidutswa zinali phee pansi pa chipewa, m'kathumba kobisika. Pampando wapafupi panali mwini hotela ina, amene anali atangomulonjeza ntchito ya Loweruka lililonse. Wamatsenga wowononga katundu wa anthu saitanidwa kawiri.

"Ndabweza umene munandipatsa, agogo," anatero akumwetulira.

"Mwamvatu," anatero mwana wamkazi uja. Mchimwene wake anaweramitsa mutu. Gogoyo anapinda mpango wachilendowo bwinobwino n'kuusiya patebulo.

Atafika kunyumba, Zalakhumi anakhuthula zidutswazo pa mashini osokera a mkazi wake n'kumufotokozera zonse.

"Ulumikize, mayi a mwana. Usoke mwaluso."

"Kusoka ndisoka. Mukapereka?"

"Ndikapereka."

"Liti?"

"Ntchito ya kuhotela ikhazikike kaye."

"Aa, katswiri! Mpango mwadula, gogo mwamusandutsa wamisala, zonsezi ndi sizasi imodzi." Analowetsa ulusi m'singano. "Chaona mnzako chapita, bambo. Nanunso zala zimenezo zidzanjenjemera."

Mpangowo unasokedwa tsiku lomwelo. Unakhala m'jekete mpaka mwini hotela atazolowera kumutcha mnzake.

Kenako tsiku lina masana anapita nawo. Pageti anapeza loko wamkulu ndi chikwangwani chakuti nyumbayo ndi ya lendi. Mayi woyandikana nayo ankayanika zovala.

"Agogo aja? Ana awo anawatenga kale. Akuti mutu sukugwira." Anamuyang'anitsitsa. "Si inu amatsenga aja? Mwana wanga ali ndi phwando la tsiku lobadwa mwezi wamawa. Mungabwere?"

Zalakhumi anati angabwere.