Nyemba za a Mabatani

Foni inalira ndili pakhonde, ndikulimbana ndi ulusi umene unkakana kulowa m'singano. Maso anga masiku ano ndi achipongwe: zolakwa za anthu amaziona patali, koma bowo la singano ayi. Woimbayo anali Kachigamba, mwana wa mnzanga a Mabatani, amene ndinakalamba nawo limodzi pa mashini osokera.

"Anti, amayi sakudya," anatero. "Chibwerereni ndayesa zonse. Adokotala akuti magazi ayambanso kuthamanga, ndipo thupi latha. Akapitiriza chonchi ndiwatenga tizikakhala kwanga, nyumbayi tiitseke. Makatoni olongedzera katundu ndagula kale."

Kachigamba amaphunzitsa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo amakhala pamwamba m'nyumba zosanjikizana zija. Ndinadziwa kuti a Mabatani akakwera basi imeneyo sindidzawaonanso ndi maso angawa. Ndinadziwanso kuti munthu wozolowera khomo lake ngati iwo sangakhalitse kumalo koonera dziko pawindo.

Tinali anayi pa fakitale yosoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo maina athu enieni anathera pageti. Wodula nsalu tinkamutcha a Sizasi, wosita a Nsimbi, wosokerera mabatani a Mabatani. Ine ndinali a Kolala, poti makolala a malaya onse ankadutsa m'manja mwanga. Nayenso Kachigamba dzina analitengera komweko. Akaweruka kusukulu ankabwera kudzakhala pansi pa tebulo la amayi ake, n'kumaveka zidole zake tizigamba totsala.

Poyamba belu la masana likalira tinkathamangira kugeti ngati ana. Kumeneko kunali mkulu wina wokazinga tchipisi m'mafuta akuda bii, amene ndikukhulupirira sanawasinthepo chibadwire. Tinkathira mchere mpaka tchipisi kuyera, n'kutsitsira zakumwa zotsekemera. Koma kukoma kwake, abale! Sindinama, mpaka lero ndikamva fungo limenelo malovu amadzadza m'kamwa. Vuto linali loti pofika pakati pa mwezi matumba anali atabooka, ndipo madzulo aliwonse tinkasinza pa mashini, mapazi atatupa osalowa m'nsapato.

Tsiku lina a Mabatani anangogwa chafufumimba pamulu wa malaya. Tinkaganiza kuti basi tawataya. Atabwerako kuchipatala anali munthu wina. Belu litalira sanatitsatire kugeti. Anatulutsa kachitini m'chikwama n'kukakhala okha pamasitepe akuseri, pafupi ndi paipi yotulutsa nthunzi. M'kachitinimo munali nyemba zowiritsa ndi tomato, mchere wongonunkhiza.

Tinawaseka, ine ndiye kuposa onse. "Mwalowa mpingo wanji wodya ngati akaidi?" ndinawafunsa. Iwo anangopitiriza kutafuna, osandiyang'ana n'komwe.

Amene anayamba kutigalukira anali a Nsimbi. Mayi ameneyu anali wamkulu thupi, wamkulunso mtima, ndipo sankapirira kuona munthu akudya yekha. M'mawa mwake anabwera ndi mpunga wodzadza poto, n'kukakhala nawo pamasitepe. A Sizasi anatsatira ndi malalanje a pamtengo wa kwawo. Ine ndinakanirira mpaka nditatopa kuima ndekha pageti, kenako ndinafika ndi masamba, nkhope ili gwaa ngati ndachita kukakamizidwa.

Palibe anakhala pansi kukonza lamulo, koma linakhazikika lokha. Aliyense ankaphika chinthu chimodzi chokwanira tonse, chomwechomwecho tsiku lililonse. Nyemba zinali za a Mabatani, mpunga wa a Nsimbi, zipatso za a Sizasi, masamba anga. Kuphika kamodzi, makala ochepa, kugula kwa mulu pamsika m'malo mwa tating'onoting'ono. Mashini amene ndikusokera lero pakhonde panga ndinawagula ndi tchipisi chimene sindinadye. A Nsimbi anafolera nyumba, a Mabatani anaphunzitsa mwana mpaka kukoleji.

Koma zimene ndimazisowa si mashini kapena malata. Ndimasowa masitepe aja. Simenti yake inkafunda ndi dzuwa, ndipo tikatha kudya tinkavula nsapato n'kutsamiritsa miyendo kukhoma kuti magazi atsike. A Nsimbi ankatulutsa kabotolo ka mafuta n'kutisisita zala mmodzimmodzi, akumatinena kuti manja athu ndi okhakhala ngati a amuna omanga nyumba. A Mabatani ankatichotsa ulusi m'tsitsi. Belu lisanalire tinkazungulira fakitale wapansi, tikujeda akapitawo. Amuna a kosungira katundu pafakitalepo ankatitcha gulu la mbuzi chifukwa cha masamba aja, koma atayamba kudwala shuga mmodzimmodzi anasiya kuseka.

Fakitale itatsekedwa tinalonjezana kuti tizikumanabe. Mukudziwa mmene malonjezo otere amathera. Tinkakumana pamaliro basi: a amuna anga, a amuna a a Mabatani, ndipo potsiriza a a Nsimbi enieniwo. Pambuyo pake ngakhale foni inayamba kulemera.

Nditamaliza kulankhula ndi Kachigamba ndinaimbira a Sizasi. Makutu awo anayamba kugontha, ndiye kulankhula nawo pafoni ndi ndewu.

"A Mabatani sakudya!" ndinakuwa.

"Akudya chiyani?"

"Sakudya! Mawa masana tipite kwawo. Tikadye nawo ngati kale."

"Ngati kale? Oo, chabwino, ngati kale. Musakuwe, sindine gonthi."

Sitinapangane zina. Tinkaona ngati palibe chopangana.

M'mawa ndinalawirira kumsika kukasankha masamba anthete, ndinawaphika bwinobwino ndi tomato, n'kuwaika m'chitini changa chakale cha kufakitale, chopindika chivundikiro. A Sizasi ndinawapeza pamphambano atanyamula jumbo, atavala diresi la kutchalitchi, akupuma wefuwefu.

Kachigamba anatilandira pakhomo, maso ali psuu. Mwanayo anayesetsa, ndisamunamizire. Patebulo panali mabotolo a juwisi, zitini za mkaka, mabisiketi a mitundumitundu, ndi nkhuku yogula yophikaphika imene inali isanakhudzidwe. Kukhoma anatsamiritsako makatoni aja, akadali opinda.

A Mabatani anali pampando pafupi ndi windo, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Kalanga ine! Mayi amene sankalola ngakhale kaulusi pamutu pa mnzake, tsitsi lake linali nyankhalala. Masaya analowa, manja ali pamiyendo ngati si awo. Ndinafuna kulira, koma ndinadziwa kuti ndikalira andithamangitsa.

"Mwabwera kudzandiona ndisanafe?" anatero, mawu ali pansipansi.

"Tabwera kudzadya," ndinayankha. "Inu ngati mukufa, dikirani tithe kaye."

Sanaseke. Tinapempha Kachigamba kuti atiyalire nsalu pamasitepe a khomo lakuseri, n'kukokera mpando wa amayi ake pafupi. Tinavula nsapato. Ine ndinatsegula chitini changa, fungo la masamba linatuluka. A Sizasi anakhuthula jumbo lawo, malalanje anagubuduka pansalu. Kenako tonse awiri tinapinda manja n'kudikira.

Tinadikira ndithu, azimayi awiri aimvi, tikuyang'ana pakati pa nsalu pamene panalibe kanthu. Ndi ine ndinayamba kuzindikira.

"A Sizasi, nanga nyemba?"

"Nyemba? Mukufunsa ine? Ndinayamba ndabweretsapo nyemba ine?"

"Nanga mpunga?"

"Iii, a Kolala, mpunga ndi wa..." Anaima pomwepo, dzanja lili pakamwa.

Taonani uchitsiru wake. Tinanyamuka m'makomo mwathu kudzadyetsa wodwala, koma chakudya chenicheni tinasiyira wodwala yemweyo ndi munthu amene ali kumanda. Manja athu anangochita zimene anazolowera, mitu osafunsidwa. Manyazi anandigwira, ndipo ine manyazi akandigwira ndimakalipa.

"Inuyo simukanaganiza? Munthu wamkulu kubwera ndi malalanje okhaokha!"

"Munati ngati kale! Kapena makutu anga ananama? Inu ndiye mwabweretsa chiyani, si udzu womwe uja?"

"Udzu? Udzu umenewu munkanyambita chitini!"

Kachigamba anati athamangire kusitolo, kapena atenthetse nkhuku ija. Tisanamuyankhe tinamva mawu kumbuyo kwathu, osatinso apansipansi aja.

"Ndiye mwayenda ulendo wonsewu kudzandidyetsa masamba ndi malalanje? Mwandiona ngati mbuzi?"

Tinatembenuka. A Mabatani anali atakankhira bulangete pansi, akutiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira batani losokedwa mokhota.

"Zaka zonsezi simunaphunzire kuphika nyemba, anthu akuluakulu? Asa! Iwe Kachigamba, siya za nkhukuzo, mafuta ake ndi ofuna kundipha. Kwera pampando, pamwamba pa kabati pali chitini cha buluu. Ubwere nacho pamodzi ndi thileyi."

Mwanayo anathamanga. Amayi ake anagwira chitseko n'kuimirira okha. Nditatambasula dzanja kuti ndiwathandize anandimenya pachala. Anatsika sitepe imodzi, n'kukhala pakati pathu, mafupa akulira.

M'chitinimo munali nyemba zakale, zina zofumbwa. Anazikhuthulira pathileyi n'kuyamba kusankha, kuchotsa timiyala ndi zoboola. Zala zimene zinali zakufa pamiyendo zija zinkathamanga ngati zili pa mabatani. A Sizasi anasenda lalanje mwakachetechete n'kuika tizidutswa m'mphepete mwa thileyi. A Mabatani, pakamwa pali kalikiliki kutinyoza, anatola kachidutswa n'kuponya m'kamwa. Anatolanso kena. Ine ndinasendeza chitini changa pafupi ndi bondo lawo, supuni ili momwemo, maso ndikuyang'ana kumbali.

Analawa. Anatafuna nthawi yaitali.

"Mchere wachuluka," anatero. "Mwabwerera ku zakale, a Kolala. Mufa inu." Atatero anatapanso supuni ina yodzadza.

Kachigamba anali ataima pakhomo, akudziluma mlomo. "Amayi, ine ndakhala ndikukupemphani kuti mudye. Bwanji mumakana?"

"Mwanawe, sunalakwe," anayankha, osasiya kusankha. "Koma iwe umandiikira mbale n'kuima pambali kumandiwerengera masupuni. Usanabwere ndiye kunali koipa kuposa. Kuphikira munthu mmodzi ndi chilango. Uyatse moto, udikire, upakule, kenako ukhale wekha ndi khoma. Ndinayamba kumwa tiyi ndi buledi, kenako tiyi yekha, kenako ndinangoona kuti njala yasiya kubwera."

Nanenso tiyi ndi buledi ndimamudziwa bwino, ndipo a Sizasi anangoti zyoli, kusonyeza kuti mawu amenewa makutu awo anawamva.

"Nyemba izi n'zouma, sizipsa lero," anapitiriza a Mabatani. "Zigone m'madzi. Mubwere mawa, belu la masana."

"Kulibe belu kuno," anatero a Sizasi.

"Ndidzamenya poto. Mukachedwa mupeza ndatseka chitseko. Ndipo mkuja tili kwa a Kolala, ndikufuna ndikaone mmene amathirira mchere. Iwe, makatoni akowo uwachotse pabalaza panga, akundipatsa chizungulire."

"Amayi, ndiwachotsa ndikaona mwamaliza mbale yonse mawa," anatero Kachigamba.

"Tamumveni mwana wopanda ulemu. Tenga poto wamkulu uja, uthiremo madzi."

Poto atabwera, a Mabatani anayamba kutapa nyemba ndi manja awiri, monga ankachitira kale, akutchula mwini wake wa gawo lililonse. Sankalankhula ndi ife, pakamwa pankangoyenda pokha.

"Izi zanga." Zinagwera m'madzi. "Izi za a Kolala. Izi za a Sizasi. Izi za a Nsi..."

Manja anaima m'malere, atadzadza nyemba. Nyemba zingapo zinapulumuka pakati pa zala n'kugwera pasimenti. Ine misozi ndinaileka itsike, poti panalibenso chobisa. A Sizasi anafwenthera m'mphepete mwa diresi lawo la kutchalitchi.

Ndinkaganiza kuti azibwezera pathileyi. Koma anakweza maso kuyang'ana mwana wawo.

"Iwe Kachigamba, mpunga umatha kuphika?"

"Ndimatha, amayi."

"Wosapsereza?"

"Wosapsereza."

Anatsegula manja, nyemba zija zinagwera m'poto pamodzi ndi zinzake.

"Uphike wambiri," anatero. "Ndipo usadzaime pakhomo ngati mlonda. Udzavule nsapato, udzakhale apa."