Kaseti ya Ukwati wa a Binwell

Kaseti ya ukwati wa a Binwell ndi a Eliness sinkagona pakhomo. Inkayenda kuposa eni ake. Ukwatiwo udachitika mu 1997 pa Neno boma, ndipo wojambula adachokera ku Blantyre atasenza paphewa chikamera chachikulu ngati mwana wa mbuzi. Azimayi a kwaya adasokoneza nyimbo chifukwa aliyense ankafuna kuchimwetulira chikameracho.

Koma anthu sankaifunira kwaya kasetiyo, ngakhalenso diresi la a Eliness limene adachita kukabwereka ku Mwanza. Ankafuna gule wa mkwati. Pa nthawi ya perekaniperekani, a Binwell, munthu wofatsa wogulitsa sopo ndi mchere, adangoti nyamu pampando, n'kuyamba mavinidwe amene munthu anali asanawaonepo. Achinyamata adautcha guleyo Chibinwelo. Amiseche ankati mkwati adaponda linthumbu ndipo lidamulowa m'thalauza, koma a Binwell ankakana kwamtuwagalu, amvekere limenelo ndi luso lobadwa nalo.

Masiku amenewo a Lameck anali ndi nyumba yoonetsera mavidiyo pamsika. Ankabwereka kasetiyo n'kumaionetsa filimu ya karate isanayambe, ndipo pakafika pa gule paja chinyumba chonse chinkakuwa kuti, "Bwezani! Bwezani!" A Lameck ankabweza, anthu n'kufa nalo phwete, iwo n'kubwezanso. Kasetiyo idafika ku Dambe, ku Chifunga, ku Midzemba, kulikonse kumene kunali deki ndi batire la galimoto. Kenako kudabwera madisiki, kenako mafoni, madeki n'kumafa imodziimodzi. A Eliness adaikulunga kasetiyo m'chitenje n'kuiika pansi pa sutikesi, poganiza kuti chinthu chikakhala m'sutikesi ndiye kuti chasungika.

Tsopano mwana wawo Prisca anali pafupi kukwatiwa, ndipo a Binwell ananenetsa kuti ku ukwatiko sapondako. Chaka chapitacho anadwala sitiroko. Mwendo ndi mkono wakumanzere zinalemera, pakamwa panapotoka pang'ono, mawu ankatuluka amodziamodzi. Kuchipatala anawauza kuti aziyendayenda ndi ndodo, koma iwo anasankha mpando wakuchipinda, katani atatseka, ngakhale kugolosale kwawo komwe osafikako.

"Anthu akandione ndikukoka mwendo?" anatero kwa akazi awo. "Ine? Amene ankandidziwa uja?"

Zimenezi zinkawapweteka a Eliness kuposa matendawo. Mwana mmodzi yekhayo, akwatiwe bambo wake ali moyo koma mpando wawo uli wopanda munthu! Anachonderera, anakalipa, anaitana abusa, koma a Binwell ankangoyang'ana khoma.

Nzeru inawapeza a Eliness m'golosale akupimira munthu shuga. Ngati a Binwell a lero akukana, bwanji osatenga a Binwell a 1997? Prisca anali atanena kuti kuholo kudzakhala sikirini yaikulu, yoti chilichonse cha m'foni chikhoza kuonekerapo. Ndiye guleyo angomusamutsa m'kaseti kumulowetsa m'foni, basi, bambo wa mkwatibwi akavine pamaso pa anthu onse! A Eliness anaseka okha mpaka misozi, ndipo wogula uja atafika kwawo anapeza kuti m'pepala muli mchere.

Atavundukula chitenje chija, chimwemwe chinachepako. Pakagalasi ka kasetiyo pankaoneka timadontho toyera. Chinyontho cha kumapiri kuno sichiopa sutikesi, ndipo tepi inali itachita chuku.

"Ibweretseni kuno, alamu," anatero a Stelia, mlongo wake wa a Binwell, mayi wogulitsa manachesi amene mawu ake amamveka kuchokera kumsika mpaka kuchipatala. "Timadzi tofunda ndi kasopo, kenako tiyanike padenga. Ifika madzulo ili mbee!"

Mwamwayi a Eliness anayamba aimbira foni a Lameck, amene tsopano amakhala ku Lisungwi n'kumalowetsera anthu nyimbo m'mamemori kadi.

"Musaitsuke!" a Lameck anakuwa mpaka foni inanjenjemera. "Musaiike padzuwa, musaitsegule, ndipo a Stelia asaiyandikire n'komwe! Deki ndili nayo imodzi kunsi kwa bedi. Kaya ili moyo, kaya idatisiya, tikaonera komweko. Ndikubwera Loweruka."

Anafikadi Loweruka m'mawa pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, deki ataibereka kumbuyo ndi chitenje ngati mwana. Ataitsegula patebulo, mphemvu zinatuluka chigulu n'kubalalika pabalaza ponse, a Stelia n'kumazithamangitsa ndi patapata uku akuzifunsa ngati zalipira ulendo wochokera ku Lisungwi. Kalamba kozunguza tepi kanali katafumbwa. A Lameck anadula kachidutswa ka chubu cha njinga n'kukulungapo, napukuta m'kati ndi thonje la sipiriti, nalumikiza mawaya ku TV. Kanyale kofiira katayaka, anavula chipewa.

"Tsono mumve bwino, mayi," anatero. "Ku Blantyre aliko anthu a makina osamutsira zinthu zoterezi, koma kaseti iyi sindikuikhulupirira. Yatsala ndi ulendo umodzi wokha. Ikangoyamba kuyenda, mwanayu aloze foni pa TV n'kujambula zonse, kenako mutumize m'mafoni ambirimbiri kuti ina ikagwera m'madzi zitsale mwina. Koma lamulo ndi limodzi. Palibe kubweza."

Prisca anasanja sopo wamitanda pampando n'kutsamiritsapo foni yake. Kasetiyo anaionerapo ali wamng'ono kwambiri, moti za Chibinwelo ankangomva m'mbiri.

Nanga pa Neno pali chinsinsi? A Stelia anangouza munthu mmodzi yekha, koma anamuuza ndi mawu awo aja. Posakhalitsa pabalaza panadzaza azimayi a kwaya yakale ija, amalonda anzawo otseka maokala dzuwa lili pamutu, ena ataima pazenera. A Eliness anasuzumira kuchipinda.

"Bambo a Prisca, simubwera kudzadziona?"

"Ndimadzidziwa," anayankha a Binwell. Koma sananene kuti atseke chitseko, ndipo a Eliness anachisiya chotsegula pang'ono.

Deki inameza kaseti, inatsokomola, inalira ngati chigayo chakutali. Pa TV panadutsa mizere, kenako, mayo ine, tchalitchi chija! Nthungululu zinaphulika pabalaza. Uyo ndani wowonda ngati bango? Ndi a Lameck amenewo, tsitsi lili lonse! Nanga uyo wa tsitsi lonyezimira mafuta mpaka kunyowetsa kolala? A Stelia anakana kuti si iwo, koma wa pa TV uja atangotsegula pakamwa, aliyense anawazindikira. Anthu ankaloza, kumenyana pamsana, kuitana mayina a anthu amene adapita kale ngati angatembenuke. A Eliness anaona mayi awo akukonza duku, amoyo, akutafuna kanthu mobisa, ndipo anaseka ndi kulira nthawi imodzi. Prisca ankangoti, "Chonde musagwedeze mpando!" koma mwini wakeyo ankadumphadumpha.

Kenako inafika nthawi ija. Oimba anayamba, gitala ikulira. Onse pabalaza anasendera kufupi ndi TV. Apo a Binwell achinyamata, suti yotuwa, maluwa pachifuwa, akuika botolo pansi. Akuyang'ana kuphazi. Akudzuka.

Chithunzi chinagwedera, chinapindika, n'kusanduka timadontho tothwanima tokhatokha. Gitala inkamveka, nthungululu za 1997 zinkamveka, wina ankakuwa kuti, "Ameneyo! Ameneyo!" koma munthu osaoneka. Chithunzi chitabwerera, mkwati anali atakhala kale pampando akupukuta thukuta.

"Si chuku chimenechi," anatero a Lameck motsitsa mawu. "Ndi pamene tinkabweza paja. Pena ponse tinkaonera kamodzi, koma apa tinkapazunguza mpaka usiku. Tidapamaliza tokha."

A Stelia sanamve n'komwe. Pakamwa pawo panachita zimene padazolowera kalekale. "Bwezani!" anakuwa, ndipo pazenera ena anapolokezana nawo, "Bwezani!" Chala cha a Lameck, amene anakhazikitsa okha lamulo lija, nachonso chinachita zimene chidazolowera. Chinadina.

Deki inalira khwekhwerere, n'kuima. A Lameck atatulutsa kaseti, tepi inatsatira pambuyo ili piringupiringu, yotafunidwa, yoduka pawiri. Anaigwira m'manja ngati nkhuku yogundidwa ndi njinga, osatha kuyang'ana munthu kumaso.

A Eliness anakhala pansi. Mtima unawawa zedi. M'foni munali kwaya, munali diresi la ku Mwanza, munali mayi awo, koma chimene anavutikira chija munalibe. Ku ukwati wa Prisca sikudzakhala a Binwell a lero, sikudzakhalanso a Binwell akale.

"Koma ndiye adadi ankavina bwanji?" anafunsa Prisca. "Ine sindidzaona basi?"

"Iwe, usalire," anatero a Stelia, amene chikumbumtima chinkawadya. "Gule ameneyo ndili naye m'mutu. Ankatere." Anamanga chitenje, nakweza miyendo mosinthanasinthana ngati akuponda dothi loumbira njerwa.

"Ayi, mayi, mwayambira pakati," a Lameck anaika kaseti pansi. "Ine ndi amene ndinkabweza. Bondo linkayamba, kenako kudzimenya pantchafu, chonchi!"

"Bodza! Ankazungulira kaye!" anatero mayi wina wa kwaya, n'kuzungulira mpaka duku kugwa.

Basitu pabalaza panasanduka bwalo. Ena ankaomba m'manja, ena ankaimba gitala ija ndi pakamwa, ndipo aliyense ankavina Chibinwelo chakechake uku akunyoza cha mnzake. Wina ankadumpha ngati wapsa phazi, wina ankagwedeza thalauza, a Stelia ndi a Lameck anagundana matako n'kugwera pathumba la manachesi limene a Stelia anabwera nalo. Prisca anachotsa foni pa sopo paja n'kuitembenuzira kwa anthu. A Eliness anayesa kukhalabe okwiya, koma zinakanika, anaseka mpaka nthiti kuwawa.

Go! Go! Go! Ndodo inagogoda pasimenti.

A Binwell anali ataima pakhomo la kuchipinda, malaya atamanga mabatani mophonya, nkhope ili gwa. Anthu ambiri pabalazapo anali asanawaone chidwalireni. Manja anaima m'malere.

"Mukundinyozetsa," anatero pang'onopang'ono. "Nonsenu. Stelia, iwe ndiye ayi ndithu." Anapuma. "Limayamba ndi phewa."

Phewa lakumanja linakwera, linatsika, linakweranso kawiri mofulumira. Anapatsira ndodo a Lameck, n'kudzimenya pantchafu, phaa! Thupi linapendekera kumanzere kolemera kuja, koma lisanapite patali a Eliness anali atalowa kale kunsi kwa mkono wodwalawo, atawagwira m'chiuno. Bondo linanyamuka pang'ono chabe, mwendo winawo ukukokeka pambuyo, koma aliyense amene adalipirapo pakhomo kwa a Lameck anachizindikira nthawi yomweyo. Chinali Chibinwelo chenichenicho.

"Ameneyo!" anakuwa a Stelia misozi ili chuchuchu. "Bwezani, achimwene! Bwezani!"

Ndipo a Binwell anabweza. Anabwezanso kachiwiri, pakamwa popotoka paja pakuseka, mpaka mpweya unawathera n'kuwakhazika pampando wapabalaza, pakati pa anthu.

"Tsono lero ululani, achimwene," anatero a Stelia akuwakupiza ndi chitenje. "Silinali linthumbu lija?"

"Luso," anatero a Binwell.

Prisca anagwada pambali pawo n'kuwaonetsa foni. "Ndajambula zonse, adadi. Ndatumiza kale kwa amayi ndi kwa a Lameck kuti zisasowe. Tikaonetsa zimenezi pa sikirini kuholo, anthu onse akakuoneni."

A Binwell anayang'anitsitsa kamunthu ka m'fonimo, mabatani ophonya, mwendo wokokeka, mkazi ali kunsi kwa mkono. A Eliness anaopa kuti abwerera kuchipinda.

"Ayi," anatero a Binwell. "Izi osakaonetsa. Sindinavale bwino." Anatembenukira kwa akazi awo. "Mayi a Prisca, suti yanga ija ili m'sutikesi momwe munali kasetimu?"

"Ili momwemo."

"Itulutseni lero lomwe, ingachite chuku. Ndikavina ndekha konko."