Gustav pa Mabini Anayi

Wiebke Tjaden anafika kwawo ku Emden mchimwene wake Enno ataikidwa kale m'manda. Ndege ya ku Canada inachedwa, koma palibe anadabwa. Munthu amene wachedwa zaka makumi atatu, tsiku limodzi n'chiyani? Chimene chinamutsalira chinali kuchotsa katundu m'nyumba ya malemuyo.

Tauniyo sinamudikire. Pomwe ankagula buledi ali mtsikana panali pogulitsira mafoni. Laibulale imene anaiwerenga mpaka kuimaliza, ndi mabuku oletsedwa kwa ana omwe, anaigwetsa n'kuikapo magalimoto. Chosasintha chinali chomwe chija anachithawa: makatani ogwedera, ndi maso kuseri kwake, osaka zolakwa za anzawo.

Pabalaza anapeza bokosi lagalasi lija lili mbee. M'menemo munkakhala Gustav, buluzi wopanda miyendo, wautali kuposa mkono wa munthu, amene bambo awo anabwera naye m'sokosi kuchokera kutchuthi ku Yugoslavia. Dzikolo linatha, bambowo anapita, mayi amene ankakuwa kuti "Chotsani njoka yanuyo!" anapitanso. Komatu Gustav sanali njoka. Anali ndi zikope, ndipo ankakuyang'ana n'kuphethira ngati abusa amene amva kale bodza lako. Pa onse a m'nyumbamo amene anamudziwa Wiebke asanamere imvi, wotsala anali iyeyo.

Wiebke anamupeza m'chipinda chozizira chapansi pa nyumba, m'bokosi lathabwa lodzaza masamba ouma. Anali zii ngati chitsulo, maso otseka, osagwedera. Wafa, Wiebke anatero mumtima, ndipo Enno ndi matenda ake analibe mphamvu zomukwirira. Anayesa kukumba kuseri, koma nthaka inali gwa ndi chisanu, fosholo imangodumpha. Anadziuza kuti munthu amene walephera maliro a mchimwene wake asayerekeze kulira buluzi, n'kunyamula bokosilo ulendo wa kumabini. Galimoto ya zinyalala inali ikumveka kale kumsewu wakuseri.

Apo ndiye anaima. Pomwe ankachoka bini linali limodzi. Tsopano analipo anayi, lililonse mtundu wake ndi lamulo lake. Buluzi wakufa amalowa muti? Anatsegula labuluu.

Windo la nyumba yoyandikana linatseguka. Anali Okka Dirksen, amene kusukulu ankakhala kutsogolo n'kumanenera anzake kwa aphunzitsi.

"Iwe Wiebke! Limenelo ndi la mapepala! Ku Canada kwanuko mumangomwaza ngati zimbalangondo eti?"

"Okka, ukadali moyo? Tseka windo, lilime lingakuzizire."

"Ndikutsika. Usaponye kanthu!"

Anatulukira atavala masilipasi ndi chijasi cha malemu mwamuna wake, n'kuyamba kufukula masamba aja kuti aone ngati ali oyenera bini labulauni, la zowola. Dzanja linaima.

"Mayo ine, Gustav! Wapenga iwe?"

"Wafa."

"Wafa ndani? Wagona uyu! Chisanu chikamayamba Enno ankaleka kumudyetsa n'kumutsitsira pansi, amadzuka mu Malichi. Bambo ako ndi amene ankamusunga pambaula chaka chonse, n'chifukwa chake anali wolusa ngati iwe. Ukuganiza amene amawaza timadzi pamasambawa chidwalireni Enno ndi ndani?"

Wiebke anatseka bini lija. "Tiye naye pamoto msanga."

"Pamoto? Bini lakanika, ufuna umuphe ndi moto? Kubwerera pansi! Gwira uko."

Ananyamula awiri, bokosi loti mwana akanalinyamula yekha. Ali pamasitepe anamva galimoto ija ikukhuthula mabini. Okka anatsamira khoma kuti apume, ndipo Wiebke anasuzumira m'masambamo. Chikope chimodzi chinakwera pang'ono, diso linamuyang'ana monga kale, n'kutsekanso. Misozi imene inakana kutuluka atamva za imfa ya Enno inatulukira pamasitepe pomwepo. Okka, mwina koyamba chibadwire, anayang'ana kumbali.

Tiyi anakamwera kwa Okka. Shuga wamiyala anathetheka m'kapu, mkaka unayandama pamwamba. Wiebke anatenga supuni kuti atakase, Okka n'kumumenya padzanja.

"Sititakasa kuno. Nazonso waiwala?"

"Zikomo, Okka."

"Zikomo wa chiyani? Ukanatsegula bini loyenera sindikanatsika."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikuthokoza."

Okka anafwenthera. "Ndege yako ndi ya liti?"

"Wati Gustav amadzuka liti?"

"Malichi. Amadzuka ndi njala, ndipo nkhono uzikatola wekha, ine msana wanga unatha."

Wiebke anaika supuni pambali. Anakankha katani pang'ono ndi chala, n'kuona kuti ukakhala pampando wa Okka mabini onse anayi amaoneka bwinobwino.