Sefa Yolunjika ku Laibulale

Chipumireni pa ntchito yoyendetsa basi, bambo a m'nyumba muja anasanduka injiniya wosapemphedwa. Wailesi anaikonza mpaka inasiya kulankhula. Ndiye mayi ataona kuti sefa yawo ya waya palibe pamsomali wa kukhitchini, sanavutike n'kufunsa. Anangolunjika pabalaza.

Anaipezadi pamiyendo pa amuna awo, itabooledwa pakati. Bambowo anafotokoza kuti laibulale ya kutsidya kwa msewu imapereka wayifayi yaulere, kungoti imafika m'nyumbamo itatopa kale. Sefayo akuti iziwola netiweki n'kuiunjikira pa adaputa, kachipangizo konga chala kamene anakamangirira pakati ndi waya wa hang'ala yopachikira zovala. Kuchokera apo, chingwe chachitali chinkakalowa mu laputopu yakale imene mwana wawo wamkazi anasiya.

Mayi anafuna kukalipa koma anameza mawu. Mwanayo anali atangobereka kumene kudziko lakutali, ndipo analonjeza kuti masana amenewo aimba pakanema, makolo aone mdzukulu wawo woyamba. Pamenepo sefa inali nkhani yaing'ono.

Anayesa patebulo, kunali zii. Pawindo panabwera kamzere kamodzi ka netiweki, nako kamanyazi. Bambo anatulutsa chingwe pawindopo, anakwera pampando panja n'kukweza sefa pamwamba pa mpanda, ndipo mizere yonse inadzaza. Telala wa pakhonde loyandikana anaimitsa makina n'kufunsa ngati aneba ayamba kusefa dzuwa.

Posakhalitsa laputopu inalira. Panatulukira nkhope ya mwana wawo, kenako kamunthu kofiirira kokulungidwa m'nsalu. Mayi misozi inalengeza m'maso.

Bambo atamva kulira kwa khanda anatembenuka kuti asuzumire pawindo, chithunzi n'kuuma. Atabwerera mmene analili chinayambanso kuyenda. Anayesa kuba ndi diso limodzi, chinaumanso. Mayi anati atsike iwo agwireko, koma onse ankadziwa kuti msinkhu wa mayi sungapitirire mpanda ngakhale atakwera pampando. Telala anadzipereka. Bambo anakanitsitsa kuti munthu woseka sayansi sangagwire chipangizo chawo.

Mayi anawayang'ana amuna awo, msana uli kuwindo, manja onse awiri ali m'mwamba, ndipo anawamvera chisoni kwambiri.

"Mayi, musandibisire," anatero bambo osatembenuka. "Tandiuzani, akuoneka bwanji?"

Mayi anasendeza nkhope pafupi ndi laputopu.

"Tsitsi ndi lambiri. Timanja wafumbata ngati akufuna ndewu. Maso ndi a mayi ake."

"Nanga changa palibe?"

"Chilipo, bambo. Makutu aja watenga onse awiri, mwana wosalakwa."

Panja panamveka kuseka, kenako kufwenthera. Misozi inatsika mpaka m'kolala, koma bambo analibe dzanja loipukutira, ndipo chithunzi sichinaumenso.