Kunja kwa Chitseko Chachitsulo

Lolemba m'mawa, chiphaso cha Kanzaki Mitsue chinakana kutsegula chitseko. Anachigunditsa pakamakina katatu, kanyali n'kumangoyaka kofiira. Kwa zaka khumi ndi zinayi iye ankalowa pakhomo limenelo tsiku ndi tsiku, m'chipinda chowongolera setilaiti ya kampani yawo, imene inkalumikiza mafoni a anthu a kuzilumba zakum'mwera ndi mawailesi a zombo za asodzi.

"Musavutike nacho, Mayi Kanzaki. Ndachitseka ndine." Anali Hirabayashi, msilikali wopuma amene kampani inamulemba chaka chapitacho kuti aziyang'anira chitetezo. "Tiyeni tikambirane uku."

Anamulowetsa m'kachipinda kopanda zenera, momwe kale ankasungiramo mapepala. Munali tebulo ndi mipando itatu basi.

Nkhani yake Mitsue anali kuidziwa kale. Asilikali atayamba kutumiza mauthenga awo kudzera pa setilaitiyo, boma linailemba m'gulu la zinthu zachitetezo cha dziko, ndipo aliyense woiwongolera anayenera kufufuzidwa. Pa fomu ya masamba makumi atatu, Mitsue analemba zoona zokhazokha. Mwamuna wake, Shen Guoping, anabadwira ku Dalian, ku China, ngakhale kuti kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anali kuno, akuwongola mawondo ndi misana ya okalamba pachipatala. Mng'ono wa Guoping ankagwira ntchito pafakitale ya boma kwawoko. Mitsue anaonana naye kawiri kokha, paukwati ndi pamaliro.

"Simunalephere," anatero Hirabayashi. "Kungoti akufufuzabe."

"Mpaka liti?"

"Lamulo silitchula tsiku."

"Ndiye ndizipita kunyumba?"

Hirabayashi anakhosomola pang'ono. "Ayi. Lero ndiye tikukufunani kuposa masiku onse."

Posakhalitsa munalowa Ogasawara, mkulu wa owongolera, amene anayamba ntchito tsiku limodzi ndi Mitsue. Maso ake anali ofiira, malaya amakwinyamakwinya. Anakhala pansi n'kuyang'ana Hirabayashi ngati mwana wopempha chilolezo.

"Manambala ayi, mayina ayi," anachenjeza Hirabayashi.

"Achemwali," anayamba Ogasawara, "tiyerekeze kuti pali setilaiti ina yokalamba. Ndipo tiyerekeze kuti ina yachilendo, yosayankha ikafunsidwa, ikuiyandikira pang'onopang'ono."

"Kuyambira liti?"

"Tiyerekeze kuti ine sindinaone mkazi wanga chiyambire Loweruka."

"Ameneyo ndiye wapuma. Ili pamtunda wa makilomita angati?"

Hirabayashi anapukusa mutu.

"Pafupi," anatero Ogasawara.

"Pafupi ngati ku Yokohama, kapena ngati ku Osaka?"

Ogasawara anayang'ana kudenga. "Paja ine kwathu ndi ku Yokohama."

Hirabayashi anangoti maso phe m'kapu yake ya tiyi, ngati mwagwera ntchentche. Mitsue anamvetsa. Kuchokera pamene anakhalapo kukafika ku Yokohama panali makilomita makumi atatu okha, ndipo kumwambako mtunda wotere ndi kupumirana m'khosi.

Setilaitiyo inayenera kusunthidwa. Koma mwa tiinjini take tinayi, kachitatu kanali ndi vuto limene silinalembedwe bwino m'buku lililonse: kakazizira kankachita dodoma, kenaka n'kukankha mopitirira. Mitsue yekha ndiye ankakadziwa khalidwe lake, mmene mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake. Ankayang'ana mizere iwiri pakompyuta n'kudziwa nthawi yoyatsa. Tsopano mizereyo inali chinsinsi cha boma, ndipo iye sankaloledwa kuiona.

"Kainjiniko muyambe mwakatenthetsa kwa nthawi yokwanira," anatero Mitsue.

"Yokwanira ndi mphindi zingati?"

"Zimatengera kazizira bwanji. Kazizira bwanji?"

Hirabayashi anapukusanso mutu.

Chilolezo chosuntha setilaiti chinayenera kuchokera ku unduna, ndipo ku unduna ankakangana. Ena ankati kusuntha ndi kuonetsa mantha, ena ankati kukhala chete ndi kuitana ngozi. Masiku awiri anatha choncho. Mitsue ankafika m'ma eyiti, kusiya foni m'kabati kunja, kukhala m'kachipinda kaja mpaka sikisi. Akafuna kupita kuchimbudzi ankayamba wauza mlonda. Mpunga ndi nsomba zimene Guoping ankamuikira m'kambale ankazidya yekha, akumvetsera chitseko chachitsulo chikutseguka ndi kutsekeka kuseri kwa khoma. Anzake ankadutsa mwachangu, osasuzumira. Sikuti ankamuda. Aliyense woyankhula naye ankayenera kulemba lipoti.

Lachitatu masana anamva anthu akuthamanga. Ogasawara analowa thukuta lili kamukamu, Hirabayashi ali pambuyo.

"Chilolezo chinabwera, tinayatsa tiinjini. Yapendekeka. Mbale yake yotumizira mauthenga sikuloza pansi, kuzilumba konse mafoni azima."

"A Ogasawara," anatero Hirabayashi.

"Mundimange mawa, bwana. Lero ndisiyeni."

Mitsue anatseka maso n'kuyesa kuiona setilaitiyo mmene ankaionera pakompyuta. "Ikutembenuka mwachangu ngati singano ya masekondi, kapena ya mphindi?"

"Pakati."

"Mwakalamba pachabe inu. Ndipatseni pepala."

Analemba masitepe asanu ndi awiri, osadziwa ngati akuwongola kapena akuwonjezera kupendekeka. Ogasawara anatsomphola pepalalo n'kuthamanga. Mitsue anatsala ndi Hirabayashi, onse maso ali pakhoma. Ankaganiza za zombo zimene zinali pakati pa nyanja nthawi imeneyo, ndi za kachipatala ka pachilumba china kamene dokotala wake amafunsira nzeru pafoni. Patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi, kuseri kwa khoma kunamveka kuwomba m'manja.

Madzulo Hirabayashi anabwera ndi pepala lija litadindidwa chidindo chofiira. Mitsue anatambasula dzanja kuti aone ngati sanalakwitse penapake.

"Pepani, tsopano ndi chikalata chachinsinsi. Simungachiwerenge."

"Ndalemba ndine."

"Ndikudziwa, mayi."

Setilaiti yachilendo ija inabwerera pang'ono n'kuima chapatali. Yawo inapulumuka, koma inawotcha mafuta a miyezi isanu ndi itatu.

Lamulo silinkamulola kuuza Guoping chilichonse, koma munthu amene wagona naye nyumba imodzi zaka zonsezo sasowa kuuzidwa. Loweruka m'mawa, atamwa msuzi, Guoping anatulutsa fomu yobiriwira ya ku ofesi ya mzinda, yothetsera ukwati. Mbali yake anali atalemba kale, chidindo chake chili pomwepo.

"Ndi papepala pokha, mayi a Chie," anatero. "Ndichita lendi kachipinda kuseri kwa siteshoni. Zovala ndizidzachapira konkuno."

"Mukuyesa anthu amenewo ndi opusa?"

"Opusa ayi. Koma amakhulupirira mapepala."

"Nanga Chie timuuza chiyani? Kuti bambo ake ndawasinthanitsa ndi chiphaso?"

"Chie ndi wamkulu, ali ndi banja lake."

"Bambo a Chie, inu mphuno yanu imaliza mkonono ngati thirakitala, ndapirira zaka zonsezi. Ndikadzakusiyani, ndidzakusiyirani chimenecho, osati boma."

Guoping anaseka, kenaka anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta kwa nthawi yaitali. Mitsue anapinda fomuyo n'kuiponya m'thumba la mapepala otaya.

Sabata yotsatira anapereka kalata yosiya ntchito. Mkulu wa kampani anamuitana, namuweramira mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo. Setilaiti yatsala ndi zaka zitatu, anatero, ndipo yolowa m'malo mwake sinamangidwe. Kainjini kaja kakadzavutanso, adzafunsa yani? Hirabayashi naye anamufotokozera mofatsa kuti zimene ankadziwa kale zidzakhalabe pansi pa lamulo kulikonse kumene angapite, ndipo makampani ena onse a ntchito imeneyi amafuna chiphaso chomwecho. Mitsue anatenga kalata yake n'kubwerera m'kachipinda kaja. Anamuikiramo mbaula yamagetsi ndi kompyuta yosalumikizidwa kwina kulikonse.

Chisanu chitatha, amayi a Guoping anadwala kwambiri ku Dalian. Gogo ameneyu ndiye anaphunzitsa Mitsue kukulunga nyama m'timikate tophika m'madzi, akumumenya pamkono mwachikondi akalakwitsa. Mitsue anapempha chilolezo choti apite. Anamuuza kuti palibe amene angamuletse, koma akapita kufufuza kudzayambiranso poyamba, ndipo mwina ngakhale m'kachipindamo sadzaloledwanso. Yankho lenileni lidzabwera pakatha masiku makumi atatu. Guoping anapita yekha.

Gogoyo anamwalira pa tsiku lachisanu ndi chinayi. Amene anaimba foni anali mlamu wake uja wa kufakitale, chifukwa Guoping mawu sankatuluka. Mitsue ankadziwa Chitchaina chochepa chabe, mlamuyo sankadziwa Chijapani n'komwe. Anatchulana mayina, n'kulira.

M'mawa mwake anatenga fomu yolembapo nthawi iliyonse imene wayankhula ndi nzika ya dziko lina. Analemba dzina la mlamu wake, ntchito yake, ndi kutalika kwa foni: mphindi zinayi. Pamzere wofunsa zimene anakambirana analemba liwu limodzi, maliro.

Hirabayashi anawerenga ali chiimire. Anaika pepalalo patebulo, nagwirizanitsa mapazi, nawerama kwa nthawi yaitali.

"Pepani kwambiri, Mayi Kanzaki. Mukafuna kupuma masiku angapo, pumani."

"Ndikapumire kuti? Kunyumba kulibe munthu."

Hirabayashi anatulutsa chidindo chake m'thumba, nadinda, nalemba tsiku.