Nyemba za M'chitini

Marlys anali munthu wosadziwa kudikira. Ngakhale madzi a khofi ankawakalipira akachedwa kuwira.

Chaka chimenecho anali ndi mbande khumi ndi ziwiri za matimati pawindo, zomera ku njere zotsiriza zimene malemu mwamuna wake Orrin anasiya m'kabotolo. Mtunduwo sukanaupeza m'sitolo iliyonse kwawoko ku Minnesota; Orrin anausunga yekha zaka makumi atatu. Mabedi ake atatu a m'dimba, otchingidwa ndi matabwa, Marlys anali atawadzaza kale ndi manyowa a akavalo a bambo Haugen oyandikana nawo, owolerana bwino, onunkhira dothi.

"Kuwolerana si nkhani," anatero Lorna, mkulu wake, pafoni. "Ngati udzu umene akavalowo anadya unapoperedwa mankhwala opha tchire, mankhwalawo amadutsa m'mimba osatha mphamvu. Dzala kaye nyemba m'chitini cha manyowawo. Pakatha masabata atatu masamba ali owongoka, ndiye wokera."

"Masabata atatu, achemwali! Chisanu chibweranso ine ndikuyang'ana chitini?"

"Iwetu unabadwa ukuthamanga. Dikira."

Anadzala nyembazo. M'mawa kusuzumira, masana kusuzumira, mpaka kufukula ndi chala. Anakafunsa a Haugen, koma iwo anangokanda m'mutu. "Udzu ndimachita kugula, mayi. Sindiufunsa kuti unamwa chiyani."

Tsiku lachisanu ndi chinayi nyemba zinamera, zobiriwira bwino. Mtima wa Marlys unakana kukhala m'malo. Masana omwewo anawokera mbande khumi ndi imodzi. Kamodzi kowonda, kopindika tsinde, anakasiya pawindo poona kuti kangowononga malo.

Patatha sabata, masamba atsopano a nyemba anatuluka atapiringizika ngati zala za munthu wozizidwa. Marlys anathamangira kumabedi osavala ndi nsapato zomwe. Nsonga za matimati onse zinali zitayamba kupotana chimodzimodzi. Anathirira madzi ambiri, anazula ziwiri n'kutsuka mizu, koma sizinathandize. Zinamupweteka kwambiri, makamaka poti panalibe wina woti amuloze chala.

Lorna anafika mawa lake ndi thumba la dothi logula ndi ndowa yoboola kunsi. Sanamudzudzule. Anangothira dothi m'ndowamo n'kusalaza ndi dzanja.

Marlys anatuluka atanyamula kambande kopindika kaja ndi manja awiri. Pa mbande zonse za Orrin, kanatsala ndi kokhako.

"Bweretsa tiwokere," anatero Lorna.

Marlys anayang'ana dothi logulalo, n'kukokera kambandeko pachifuwa.

"Ayi, achemwali. Tidzale kaye nyemba."