Nthungululu za Mayi Enelesi

Lachisanu lililonse a Feldman ankandiuza kuti ndikhale nawo patebulo. Ntchito yanga ndi kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi kuwakankha pa njinga yawo ya olumala. Kudya nawo si ntchito yanga. Koma iwo ankayatsa makandulo monga amachitira Ayuda anzawo, n'kundinyemera buledi wawo wolukaluka. Tonse awiri akazi athu anamwalira. Sitinkalankhula zambiri, ndipo zinkatikwanira.

Mwana wanga Rejoice atapatsidwa mbali m'sewero la kusukulu kwawo ku Silver Spring, kuno kutsidya kwa nyanja, a Feldman ndiwo ankamuthandiza kuloweza mawu. Ndi sewero lakale, akuti loseketsa. Muli Myuda wobwereketsa ndalama amene akufuna kudula mnofu wa munthu wolephera kubweza. Mtsikana wina amavala ngati loya n'kumugonjetsa m'khoti. Loyayo anali Rejoice.

"Tsiku limenelo mudzandiveke suti," anatero a Feldman.

Ndinaitananso a kutchalitchi kwathu. Anabwera ambiri, amayi atatchena zitenje, n'kudzaza mizere iwiri. Njinga ya a Feldman ndinaiimika kumapeto kwa mzere, pafupi ndi ine.

Kwathu sewero sitionera chete. Timayankhira. Myuda atatulutsa mpeni n'kuyamba kunola, a Ludoviko, mkulu wa mpingo, anati, "Ameneyu ngwa kanyenya wa pa Lizulu." Anthu athu anaseka. A Feldman nawonso anamwetulira, ngakhale Chichewa samva.

Kenako chigamulo chinabwera. Katundu wa Myuda alandidwe, ndipo kuti asaphedwe, asiye chipembedzo chake abatizidwe. Holo yonse inati zii. Mnyamata wosewera Myudayo anagwada, n'kuvula kachipewa kake kachiyuda pang'onopang'ono.

Mayi Enelesi, amene amatsogolera nyimbo kutchalitchi, anaimirira n'kuimba nthungululu.

"Ameni! Wabwera kwa Ambuye!"

Anachita zimene timachita munthu akapita kutsogolo kukalapa. Mizere yathu iwiri inaomba m'manja. Nanenso ndinaomba.

Nditacheuka ndinaona a Feldman atagwira kachipewa kawo pamutu.

Titawasiya kunyumba kwawo, Rejoice anayamba m'galimoto momwemo, m'Chingerezi monga mwa masiku onse.

"Adadi, mukawapepese."

"Palibe wawatukwana."

"Munthu amulanda zonse, inu mukuomba m'manja?"

"Amafuna kupha mnzake."

"Ndiye amumange. Chipembedzo chake chalakwa chiyani?"

Ndinakweza wailesi.

Lolemba m'mawa ndikuwameta ndevu, a Feldman anandiyang'ana m'galasi.

"Sosten, mayi aja amakuwa kuti chiyani?"

"Amakondwera kuti munthu wapulumuka."

"Wapulumuka," anabwereza. "Nanga inu?"

Ndinazimitsa makina ometera. Mawu analipo. Akazi anga ankanena kuti ine kupepesa ndimachita ndi manja, pokonza chitseko kapena kutsuka mapoto, pakamwa ayi. Ndinayatsanso makina.

"Tukulani chibwano," ndinatero.

Anatukula.

Sabata imeneyo ndinapukuta njinga yawo mpaka mawilo. Ndinasita malaya onse, ndi osavala omwe. Ndinakonza windo la kuchipinda limene linkavuta kutseka. Chilichonse ankathokoza mwaulemu, ngati akuthokoza mlendo.

Lachisanu ndinayala tebulo, mbale ziwiri. Iwo anayang'ana mbalezo nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti ankadikirabe kuti ndipepese. Ine ndinangoima ndi thaulo paphewa.

"Imodzi yakwana," anatero. "Pitani, mwana wanu akukudikirani."

Ndinabweza mbale m'kabati. Pamene ankayatsa makandulo n'kuti ine ndikuvala jekete pakhomo.

Ndikugwirabe ntchito kwa a Feldman. Suti ija ndinaiika m'pulasitiki, sanaifunsenso. Buledi wolukaluka ndimakagula ndine Lachinayi, wamkulu yemwe uja. Iwo amadya kachidutswa kochepa. Wotsalayo amauma, Lolemba ndimakataya.